Miyala yotentha pamsana: chimachitika n'chiyani m'thupi, ndipo umboni ukuti bwanji?

Chithunzicho mwina munachionapo pa chikwangwani cha hotela kapena pa Facebook: mayi wagona chafufumimba atatsinzina, pamsana pake atandandalika miyala yakuda yosalala kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno, pambali kandulo ndi duwa. Mawu a m'munsi amalonjeza zambiri. Akuti masaji a miyala yotentha amachotsa kutopa, amathetsa msana, amayendetsa bwino magazi, ena mpaka amati amatulutsa poizoni m'thupi. Anthu akaona amagawanika. Wina amati ndi chithandizo chenicheni, wina amati ndi njira yodyera ndalama za mabwana, winanso amakayikira kuti miyala yondandalikidwa chonchi muli zamizimu.

Chimene chimasokoneza n'chakuti m'dzina limodzili mwamangidwa zinthu zitatu: kutentha, manja a wosisita, ndi nkhani zimene zimakambidwa pofotokoza mphamvu ya miyalayo. Chilichonse chili ndi mbiri yakeyake, ndipo umboni wake sulemera mofanana.

Zimene zimachitika m'chipindamo

Masaji a miyala yotentha ndi kusisita ndi kutikita minofu pogwiritsa ntchito miyala yosalala imene yatenthetsedwa m'madzi. Nthawi zambiri amatenga ola limodzi kapena ola ndi theka. Miyalayo imakhala m'chiwiya chamagetsi chooneka ngati poto wamkulu, chokhala ndi pochepetsera kapena kuwonjezera moto, ndipo madzi ake amakhala pa madigiri a Celsius apakati pa 50 ndi 60. Wosisita amavuula mwala, kuupukuta, n'kuufumbata kaye. Lamulo limene amaphunzitsidwa ndi lachidule: mwala umene dzanja lako likulephera kuugwira bwinobwino usafike pathupi pa mnzako.

Miyala ina amangoyiika n'kuisiya: m'mbali mwa fupa la msana, m'zikhatho, pamimba, ndipo timiyala tating'ono ngati ndalama yachitsulo amatilowetsa pakati pa zala zakumapazi. Ina imakhala m'manja mwa wosisita, yopakidwa mafuta, n'kumayenda nayo m'minofu ya msana, m'mapewa, m'ntchafu ndi mu akatumba. Mwala ukazizira amaubwezera m'madzi n'kuvuula wina.

Apa chithunzi chija chimanamiza. Mwala wotentha wongokhala malo amodzi suyenera kugunda khungu lenileni. Pakati pamayenera kukhala thaulo kapena nsalu. Umene umakhudza khungu ndi woyendayenda uja. Aliyense amene anasitapo zovala ndi simbi ya makala akudziwa chifukwa chake. Simbi ikamayenda malaya amawongoka; ingoima pamodzi iwe ukuyankha moni, umapeza chibowo.

Mwalawo

Mwala umene amakonda kugwiritsa ntchito umatchedwa basalt. Umapangika chiphalaphala chochokera pansi pa nthaka chikatuluka n'kuzizira mofulumira kunja, n'chifukwa chake timibulu take ndi tating'onoting'ono kosaoneka ndi maso. Kuda kwake kumachokera ku chitsulo ndi magnesium zimene zili m'kati, ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi katatu kulemera kwa madzi odzaza malo ofanana. Si mwala wosowa. Pansi pa nyanja zamchere pafupifupi ponse ndi basalt, ndipo amene anafikapo ku mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) anauona ndi maso: Zambezi amagwera m'phompho la mwala womwewu. Kusalalako ndi ntchito ya madzi, monga momwe mtsinje umasulira nsangalabwi, ngakhale kuti miyala ina yogulitsidwa masiku ano imasalazidwa ndi makina.

Otsatsa malonda amakonda kunena kuti basalt amasunga kutentha kuposa china chilichonse. Masamu sakuvomereza. Kilogalamu imodzi ya madzi imasunga kutentha kochuluka pafupifupi kasanu kuposa kilogalamu ya basalt, zonse zitatenthetsedwa mofanana. Botolo la madzi otentha lokulungidwa m'chitenje lili ndi kutentha kochuluka kuposa mwala wofanana nalo kukula. Pamene mwala umapambana ndi pena: ndi wolimba, umakwana m'chikhatho, umatsetsereka pa mafuta, ndipo ungadinikize nawo mnofu uku ukutulutsa kutentha pang'onopang'ono, monga mafuwa amene amakhalabe ofunda moto utazima kalekale, galu n'kudzagonapo. Ndi botolo sungatikite phewa.

Ena amasinthanitsa miyala yotentha ndi yozizira, ndipo yozizirayo nthawi zambiri imakhala ya marble. Palinso miyala ya mchere wofiirira wa ku Pakistan, komanso mabedi amagetsi okhala ndi timiyala ta jade toyenda pamsana. Zimenezo n'zobwera pambuyo pake.

Zakale motani?

Zikwangwani zambiri zimati njirayi yakhala zaka masauzande. Mbali ina n'zoona, mbali ina ayi.

Kutenthetsa mwala pofuna kufunditsa kapena kuchiza thupi n'kwakaledi, ndipo mitundu yambiri inazitulukira payokha. Ku Japan kunali onjaku, mwala wotentha wokulungidwa m'nsalu umene munthu ankaupisa pachifuwa m'kati mwa chovala nyengo yozizira. Ku Finland sauna imayendera mulu wa miyala yotentha imene amathirapo madzi kuti pakwere nthunzi. A Lakota a ku North America ali ndi mwambo wa inipi, pamene miyala yowotchedwa pamoto imalowetsedwa m'kachisakasa kotsekedwa, anthu n'kumapemphera thukuta lili kamukamu. Ku Hawaii akatswiri ena a lomilomi, kusisita kwa makolo a kumeneko, ankagwiritsanso ntchito miyala yofunda. Kwathu kuno sitikusowa chitsanzo. Pofukiza wodwala, ena amaponya mwala kapena njerwa yotentha mumphika wa masamba kuti nthunzi ichuluke, iye atafunda bulangete. Ndipo kuthowa, kaya ndi mwendo wobinya kaya ndi mayi amene wangochira kumene, ndi nzeru yomweyo ya kutentha ndi kudinikiza, kungoti chida chake ndi nsalu yoviika m'madzi otentha.

Koma taonani kuti m'miyambo yambiriyi mwala umatenthetsa madzi, mpweya kapena nsalu. Dongosolo limene likugulitsidwa m'mahotela lero, la miyala yowerengeka, malo ake oikapo, mafuta ndi ola limodzi pabedi, ndi laposachedwa. Amene amatchulidwa kuti analiyambitsa ndi Mary Nelson, katswiri wa masaji wa ku Tucson m'chigawo cha Arizona ku America, mu 1993. Ntchito inali itamupweteka mapewa ndi mikono, ndipo iye mwini amafotokoza kuti nzeru yogwiritsa ntchito miyala inamufikira mwauzimu ali mu sauna. Njira yakeyo anayitcha LaStone Therapy: miyala yotentha 54, yozizira 18, ndi umodzi wosatentha wosazizira. Anayamba kuphunzitsa ena, ndipo pasanathe zaka zambiri mahotela ndi malo opumulirako m'mayiko ambiri anali atatengera, aliyense akusintha mwina ndi mwina.

Pali mfundo imene siikambidwa kawirikawiri m'mbiri imeneyi: woyamba kupindula ndi mwala anali wosisitayo. Zala zazikulu ndi mikono ya anthu a ntchitoyi imatopa ndi kuvulala, ndipo mwala umalandirako gawo la katunduyo.

Kutentha: malire ake ndi opyapyala

Khungu likafundidwa, timitsempha ta magazi ta pamalopo timatakasuka, magazi amabwera ambiri, ndipo munthu woyera khungu amafiira. Minofu imene inakungika imayamba kumasuka. Koma kutentha kochokera kunja sikupita patali. Kumalowa sentimita imodzi kapena ziwiri, kwinako magazi oyenda amakunyamula n'kukumwaza thupi lonse. Kwa munthu wonenepa mafuta a pansi pa khungu amatchinganso. Choncho mawu akuti kutentha kwa mwala kumafika m'mafupa ndi okokomeza, ngakhale kuti wogona pabediyo amamvadi ngati kwafika.

Thupi lili ndi mlonda wake pankhani ya kutentha. M'minyewa ya pakhungu muli kachipata kotchedwa TRPV1, kamene kamatseguka kutentha kukafika pa madigiri pafupifupi 43, n'kutumiza uthenga wa ululu ku ubongo. Anakatulukira ndi David Julius ndi anzake ku San Francisco mu 1997, ndipo ntchitoyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2021 pamodzi ndi Ardem Patapoutian. Chodabwitsa n'chakuti anakapeza pofufuza tsabola. Mankhwala amene amachititsa kambuzi kuwawa amatsegula kachipata komweka, n'chifukwa chake pakamwa pamamveka ngati payaka moto pamene ndiwo ndi zozizira.

Nambala ya 43 si yangozi. Mu 1947 ofufuza awiri a ku Harvard, Alan Moritz ndi F. C. Henriques, anayesa kuti khungu limapsa pa kutentha kotani ndiponso pakapita nthawi yaitali bwanji. Anapeza kuti khungu likakhala pa madigiri 44 limapsa pakatha maola pafupifupi 6. Kuchoka pamenepo digiri iliyonse yowonjezera imadula nthawiyo pakati, moti pa 49 ndi nkhani ya mphindi pafupifupi 10, ndipo pa 60 ndi masekondi owerengeka. Tsono bwererani ku poto uja wa madigiri 50 mpaka 60. Mwala wongovuulidwa kumene uli kale m'dera lowotcha. Chimene chimateteza kasitomala ndi zinthu zing'onozing'ono: kuupukuta, kuuyesa m'manja, thaulo, kusauimitsa pamodzi, ndi pakamwa pa kasitomalayo. Vuto lake ambiri timachita manyazi. Munthu walipira ndalama zambiri, chipinda chili zii, nyimbo ikulira chapansipansi, ndiye amangolimba mtima poganiza kuti kuwotchako ndiye mankhwalawo. Matuza amadzaonekera kunyumba.

Woyesa zimenezi pakhomo adziwe ziwiri. Mwala wotola mumtsinje suponyedwa pamoto, chifukwa madzi obisala m'ming'alu yake akasanduka nthunzi ungaphulike. Ndipo mwala wotenthetsa pambaula, mu uvuni kapena mu microwave sudziwika kutentha kwake. Kunja ungaoneke wabwino m'kati muli moto.

Manja

Mayendedwe a manja m'masaji amenewa ndi obwereka ku njira imene imatchedwa masaji a chiSwidishi. Dzinali limalozera kwa Per Henrik Ling, amene anatsegula sukulu ya masewera olimbitsa thupi ku Stockholm mu 1813, ngakhale kuti olemba mbiri amati amene anasanja mayendedwewo n'kuwapatsa mayina achiFalansa ndi dokotala wa ku Netherlands, Johann Georg Mezger. Pali kusisita kwautali kotsetsereka, kukanya mnofu ngati ufa wa mandasi, kupekesa pamalo amodzi, ndi kumenya mopepuka.

N'chifukwa chiyani kusisita kumachepetsa ululu? Kufotokoza kotchuka kunabwera mu 1965 kuchokera kwa Ronald Melzack ndi Patrick Wall. Iwo anati uthenga wa ululu sufika ku ubongo mwachindunji. Umadutsa kaye pachipata china mu msana, ndipo uthenga wa kukhudzidwa ukachuluka umatchingira wa ululu. Zili ngati mlatho wodutsa galimoto imodzi: za mbali iyi zikamawoloka, za mbali inayo zimadikira. Ukapunthwa pachitsa, dzanja limathamangira kusisita chala usanaganize n'komwe. Akatswiri akonzamo zambiri m'chiphunzitsochi kuyambira nthawi imeneyo, koma maziko ake akadalipo. Chipatacho sichichiza chimene chayambitsa ululu. Chimangochepetsa phokoso lake kwa kanthawi.

Umboni

Apa m'pofunika kulekanitsa bwino. Pa kutentha pakokha, bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zachipatala, linaunika mu 2006 mayeso 9 a zotenthetsa kapena zoziziritsa pa anthu 1,117 odwala msana. Linapeza kuti nsalu zotenthetsa zomanga m'chiuno zimachepetsako ululu pang'ono, kwa nthawi yochepa, kwa amene msana wangowayamba. Pa masaji, linaunika mu 2015 mayeso 25 a anthu 3,096, n'kupeza kuti ululu umachepa kwa kanthawi, koma olembawo ananena poyera kuti chikhulupiriro chawo pa zotsatirazo n'chochepa kwambiri chifukwa mayeso ambiri sanachitidwe mwadongosolo.

Mabungwe a madokotala amawerenga umboni womwewu mosiyanako. American College of Physicians inalangiza mu 2017 kuti msana wongoyamba kumene uyambe wayesedwa ndi zinthu monga kutentha ndi masaji munthu asanathamangire mapiritsi. Ku England, bungwe la NICE linati mu 2016 masaji angaperekedwe pokhapokha ngati ali limodzi ndi masewera olimbitsa thupi, osati paokha.

Zonsezi ndi za kutentha pakokha ndi manja paokha. Kafukufuku wa miyala yotentha yeniyeniyo ndi wochepa, ndipo amakhala wa anthu ochepa. Chitsanzo ndi wa ku Iran wa mu 2019, wa odwala impso 60 amene amasefedwa magazi ndi makina, amene anapeza kuti olandira masajiwa ananena kuti akugona bwinoko. Chotsatira chotere n'cholimbikitsa, koma chili ndi mpata waukulu. Poyesa piritsi, gulu lina limapatsidwa piritsi labodza lofanana ndi lenileni, ndipo palibe akudziwa chimene wameza. Nanga mwala wotentha ungaubise bwanji? Munthu amadziwa kuti wasisitidwa, wasamalidwa, wapatsidwa nthawi, ndipo zimenezo pazokha zimagonetsa tulo.

Poizoni ndi chakra

Mawu akuti masaji amatulutsa poizoni ndi amene ali ndi maziko ofooka kwambiri. Ntchito yosefa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo otsatsa malonda satchula dzina la poizoni amene akutulukayo kuti wina amuyeze. Ena amatchula lactic acid, amene amachuluka m'minofu munthu akathamanga kwambiri. Koma ameneyu thupi limamuchotsa lokha pakatha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kafukufuku wa ku Queen's University ku Canada wa mu 2010 anapeza kuti kusisita mkono utangogwira ntchito kunachedwetsa kuchoka kwake m'malo mofulumizitsa. Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mu 2012 ofufuza a ku McMaster University, ku Canada komweko, anapalasitsa njinga anyamata 11 mpaka kutheratu, n'kusisita mwendo umodzi kwa mphindi 10, winawo n'kuusiya. Atadula kamnofu ka m'ntchafu zonse ziwiri n'kuyeza, anapeza kuti m'mwendo wosisitidwa zizindikiro za kutupa zinali zochepa. Lactic acid sanasinthe. Ndiye kuti chilipo chimene manja amachita m'mnofu, koma si chimene chimalembedwa pa chikwangwani.

Chakra ndi mawu a chiSanskrit otanthauza gudumu. M'ziphunzitso zina za ku India ndi malo a mphamvu ya moyo ondandalikana motsata msana, ndipo dongosolo la malo asanu ndi awiri linafala kumayiko a azungu makamaka kuchokera mu 1919, kudzera m'zomasulira za John Woodroffe, amene anali woweruza milandu ku Calcutta. Osisita ena amaika miyala pa malo amenewa. Madokotala opanga maopaleshoni sapeza chiwalo chotere m'thupi. Okhulupirira amayankha kuti si chinthu cha mnofu choti n'kuchiona ndi mpeni. Imeneyi ndi nkhani ya chikhulupiriro, ndipo Mkhristu kapena Msilamu amene sizikumukhalira bwino angafunse asanagone pabedi. Osisita ambiri sazitchula n'komwe. Amaika mwala pamene pali mnofu wokungika basi.

Amene ayenera kusamala

Chitetezo chonse chagona pa kumva kutentha n'kulankhula, choncho woyamba pangozi ndi munthu wa dzanzi. Matenda a shuga amapha minyewa ya kumapazi pang'onopang'ono, moti munthu angapse mpaka matuza osamva kanthu, ndipo chilonda cha phazi la wodwala shuga chimavuta kupola. Dzanzi lotere limabweranso ndi HIV, khate, sitiroko, mowa wa zaka zambiri, ndiponso mankhwala ena monga isoniazid wa TB. Woledzera kapena womwa mapiritsi ogonetsa ali m'gulu lomweli.

Wina ndi amene magazi anaundana mumtsempha wa mwendo. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kuwawa popanda chifukwa chodziwika, si wosisita. Chibuluma cha magazi chingasunthe n'kukatseka m'mapapo. Omwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, amayi oyembekezera, odwala mtima, a mitsempha yotupa m'miyendo, amene ali ndi malungo, zilonda kapena opaleshoni yaposachedwa, onsewa ayambe afunsa kuchipatala. Ndipo si msana uliwonse umene uli wa kutopa. Msana wopweteka milungu yambiri limodzi ndi kuwonda, kutuluka thukuta usiku kapena kufooka kwa miyendo ungakhale TB ya fupa la msana kapena matenda ena aakulu. Mwala wofunda ungaupepese masiku angapo uku matenda akukula.

Mafunso amene akadali poyera

Funso lalikulu silinayankhidwe: kodi mwala umawonjezera chiyani? Kuti tidziwe pangafunike kuyerekeza magulu akuluakulu a anthu, ena osisitidwa ndi miyala, ena ndi manja okha, ena ongothowedwa, nthawi yake yofanana, kenako n'kuwatsatira miyezi ingapo. Pamene masaji a miyala nthawi zambiri amakwera mtengo kuposa wamba, funsoli ndi la m'thumba.

Kutentha koyenera nakonso sikunagwirizanidwe. Masukulu ena amaphunzitsa madigiri ongopitirira 50 pang'ono, ena amalola kupitirira 60, ndipo kusiyana kumeneku pakhungu ndi kusiyana kwa mphindi ndi masekondi.

Ndiye pali nkhani ya amene ali woyenera kugwira ntchitoyi. Ku America zigawo zambiri zimafuna laisensi, ndipo New York imafuna maphunziro a maola 1,000. Ku South Africa masaji ochiza amalembetsedwa ku Allied Health Professions Council of South Africa, pansi pa lamulo la mu 1982. Ku Britain kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza, kulembetsa n'kodzifunira. Kusiyanaku kumabwera chifukwa mayiko sanamvane kuti ntchitoyi ndi ya chipatala kapena ya kusangalatsa thupi ngati ya saluni. Pena mawu akuti masaji amabisanso malonda ena amene sakhudzana ndi minofu, zimene zimaipitsira mbiri amene anaphunzira ntchitoyi moona. Ngati ndi chithandizo, ndani ayese amene akuchipereka, ndipo kasitomala wopsa akadandaule kuti? Ngati ndi chisangalalo chabe, kodi chikwangwani chiloledwe kutchula matenda?

Palinso madandaulo a eni miyambo. Eni nthaka ena a ku America ndi anthu a ku Hawaii sakondwa kuona mayina ndi miyambo yawo yopatulika ikugwiritsidwa ntchito potsatsa malonda m'mahotela, pamene ena amati nzeru yothandiza thupi ilibe mwini. Funso lomweli lingatifikire tsiku lina: kuthowa kwa agogo kutalembedwa pa mndandanda wa hotela ya m'mbali mwa nyanja, mtengo wake uli m'madola, dzina ndi phindu zidzakhala za yani?